Likodzo la m'ziwalo zoberekera: vuto lobisika pakati pa asungwana a m'makoleji

MANGOCHI: Msungwana amene adakulira m'mudzi wa Chembe, kapena amene adangopitako masiku awiri kukasambira ndi anzake a ku koleji, angathe kukhala ndi likodzo m'ziwalo zoberekera kwa zaka zambiri osadziwa, uku akumwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana omwe iye alibe.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti amayi ndi asungwana pafupifupi 56 miliyoni m'maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara ali ndi vutoli. Ambiri mwa iwo sadayezedwepo, ndipo ngakhale ena mwa ogwira ntchito zachipatala sadaphunzitsidwe mokwanira kazindikiridwe kake.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri boma la Mangochi, lomwe lili ndi sukulu zingapo zaukachenjede monga Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe, DMI St John the Baptist University, komanso nthambi ya Kamuzu University of Health Sciences komwe ophunzira zaudotolo amakaphunzira zaumoyo wa anthu a m'midzi. Kuwonjezera apo, ophunzira ochokera ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe amakhamukira kunyanja patchuthi ndi pa maulendo a sukulu.

Mfundo yofunika kuti adindo aimvetse ndi yakuti msinkhu umene msungwana amalowera ku koleji ndi umene mankhwala a likodzo angamuteteze kwambiri ku zilonda zokhalitsa. Koma ndi pa msinkhu womwewo pamene iye amakhala atatuluka kale m'ndondomeko yogawa mankhwalawa, yomwe kwambiri imadzera m'sukulu za pulaimale.

Mbiri ya likodzo ku Chembe

Mudzi wa Chembe, womwe alendo amaudziwa ndi dzina lakuti Cape Maclear, uli m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Monkey Bay. Ndi pamalo pomwe amishoni a Livingstonia adayamba kumanga m'chaka cha 1875. Mudziwu wazunguliridwa ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park omwe adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti likodzo limapezeka m'madambo, m'makhwawa ndi m'madzi osayenda okha, osati m'nyanja ya Malawi momwe muli mafunde ndi mchenga woyera. Chikhulupirirochi chidagwedezeka m'chaka cha 1992 pamene anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka m'bungwe la Peace Corps adadwala likodzo lomwe lidafika mpaka ku ubongo ndi msana atasambira ku Cape Maclear.

Potsatira izi, akatswiri a bungwe la CDC la ku America adayeza magazi a anthu 955 a maiko akunja okhala m'dziko muno. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 1996, zidaonetsa kuti anthu 32 mwa 100 aliwonse anali ndi chizindikiro chakuti adatengapo likodzo, ndipo chiopsezo chinali chachikulu kwa omwe adasambirapo ku Cape Maclear.

Eni mudzi ndiwo anali pa moto weniweni. Kafukufuku amene adatsogoleredwa ndi Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University ndi Henry Madsen wa ku Denmark adapeza kuti ana a sukulu oposa 80 mwa 100 aliwonse ku Chembe anali ndi likodzo la m'chikhodzodzo.

Akatswiriwa adapezanso chifukwa chake. Kupatula nkhono ya mtundu wa Bulinus globosus yomwe imakonda m'makhwawa ndi m'malo a udzu, iwo adatsimikiza mu 2001 kuti nkhono ina yotchedwa Bulinus nyassanus, yomwe imakhala pa mchenga wa m'nyanja mwenimweni, nayonso imasunga tizilombo ta likodzo. Nkhonozi zidachuluka pamene nsomba zomwe zimazidya, monga ya mtundu wa Trematocranus placodon, zidachepa kaamba ka usodzi wa makoka a maso ang'onoang'ono m'mphepete mwa nyanja.

M'chaka cha 2017, akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine mogwirizana ndi anzawo a m'dziko muno adapeza nkhono ya mtundu winanso, Biomphalaria pfeifferi, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi. Nkhono imeneyi imafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo posakhalitsa matendawa adapezeka mwa ana a sukulu za m'bomali. Izi zikutanthauza kuti magombe a kummwera kwa nyanja ali ndi mitundu iwiri ya likodzo.

Mmene matendawa amalowera m'thupi

Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi tomwe dotolo wa ku Germany, Theodor Bilharz, adatitulukira mumzinda wa Cairo ku Egypt m'chaka cha 1851. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a tinyongolotsiti amaswa ndipo tiana take timalowa m'nkhono. Pakatha milungu ingapo, nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, makamaka masana dzuwa likatentha.

Tizilomboti timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa, kutsuka mbale kapena kungoyenda m'madzimo. Sipafunika bala kapena kumwa madziwo. Tikalowa timayenda ndi magazi, timakulira m'mitsempha ya kuchiwindi, kenako tatimuna ndi tatikazi timagwirana n'kukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera. Kumeneko timatha kukhala zaka zitatu mpaka zisanu, nthawi zina kuposera apo, tikuikira mazira tsiku ndi tsiku.

Chomwe chimadwalitsa munthu kwenikweni ndi mazirawo. Ena amatuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake wodwala amakodza magazi. Koma ambiri amakanirira m'minofu. Kwa munthu wamkazi, mitsempha ya chikhodzodzo njolumikizana ndi ya chiberekero, kotero mazira amakakanirira pakhomo la chiberekero, m'njira yoberekera, m'machubu ngakhalenso m'mabasiketi a mazira. Thupi limalimbana nawo, ndipo pamalopo pamatupa, pamachita zilonda, kenako zipsera.

Likodzo silipatsirana pogonana, ndipo msungwana amene sadagonepo ndi mwamuna angathe kukhala nalo. Mfundo iyi njofunika kuti aphunzitsi, oyang'anira malo ogona ophunzira, makolo ndi anamwino aidziwe bwino, pakuti kusaidziwa kwachititsa kuti asungwana osalakwa anenedwe zachiwerewere.

Zomwe zidapezeka pa chipatala cha Mangochi

Ngakhale madotolo adalemba koyamba za likodzo la m'ziwalo zoberekera za amayi ku Egypt m'chaka cha 1899, dziko lidakhala zaka zambiri osalabadira. Umodzi mwa maumboni omwe adatsegula maso a akatswiri udachokera pa chipatala chachikulu cha boma la Mangochi.

Gulu la akatswiri, momwe munali Dr Eyrun Kjetland wa ku Norway ndi Dr Lester Chitsulo wa m'dziko muno, lidayeza amayi 51 omwe adapezeka ndi mazira a likodzo mumkodzo. Lipoti lawo la mu 1996 lidaonetsa kuti amayi 33 mwa iwo, kutanthauza 65 mwa 100 aliwonse, analinso ndi mazira pakhomo la chiberekero, m'njira yoberekera kapena kunja kwa malo obisika. Mwa amayi atatu aliwonse odwala likodzo la m'chikhodzodzo, awiri anali nalonso m'ziwalo zoberekera.

Zizindikiro zake ndi monga kutuluka chikazi chachilendo, kuyabwa kapena kutentha kumalo obisika, kupweteka m'chinena, kumva ululu pogonana, kutaya magazi pambuyo pogonana, ndi kudontha magazi pakati pa msambo ndi msambo unzake. Dotolo akaunika pakhomo la chiberekero amaona timawanga tachikasu tooneka ngati mchenga, timitsempha tokhotakhota, ndi minofu yosachedwa kutuluka magazi ikakhudzidwa.

Matendawa akakhalitsa amatha kutseka machubu, zomwe zimadzetsa kusabereka kapena mimba yokhala kunja kwa chiberekero, yomwe imapha ngati mayi sachitidwa opaleshoni mwamsanga. Amathanso kuchititsa kupita padera ndi kuchepa kwa magazi.

Palinso nkhani ya HIV. Kafukufuku wa ku Zimbabwe amene adasindikizidwa mu 2006 adapeza kuti mwayi wopezeka ndi kachilomboka unali wochuluka pafupifupi katatu mwa amayi omwe anali ndi zilonda za likodzo poyerekeza ndi omwe analibe. Akatswiri amafotokoza kuti zilondazo zimatsegula khomo loti kachilombo kalowere mosavuta.

Chifukwa chake asungwana a m'makoleji ali pachiopsezo

Pali magulu awiri a ophunzira omwe akuyenera kuganiziridwa. Gulu loyamba ndi la omwe adakulira m'mphepete mwa nyanja, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kufupi ndi nyanja za Malombe ndi Chilwa, kapena m'madera a ulimi wamthirira. Awa adatenga tizilomboti ali ana pochapa ndi kutunga madzi. Kukodza magazi kumatha kuchepa munthu akamakula, ndipo iye amayesa kuti adachira, pamene mazira akupitiriza kuunjikana m'ziwalo zoberekera.

Gulu lachiwiri ndi la omwe adakulira kumtunda kapena m'tauni ndipo abwera kunyanja koyamba, kaya kudzaphunzira, kudzayeserera uphunzitsi, kudzachita kafukufuku kapena kudzasangalala. Matupi awo sadakumanepo ndi tizilomboti, kotero ena amadwala kwambiri pakatha milungu iwiri mpaka isanu ndi itatu. Amatentha thupi, kutsokomola, kumva mutu, kuphwanya m'thupi ndi kutuluka zidzolo. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, ndipo wodwala akapanda kuuza dotolo kuti adalowa m'nyanja, matenda enieni sapezeka.

Kafukufuku winanso wa ku Zimbabwe, wa mu 2008, adaonetsa kuti amayi omwe adalandira mankhwala a likodzo asanakwanitse zaka 20 anali ndi zilonda zochepa poyerekeza ndi omwe adalandira atakula kapena sadalandirepo. Akatswiri adaonanso kuti zilonda zikakhwima sizichoka msanga ngakhale mayi atamwa mankhwala, chifukwa mankhwalawo amapha tinyongolotsi koma sachotsa mazira omwe adakanirira kale m'minofu.

Ophunzira ambiri amayamba koleji ali ndi zaka 18, 19 kapena 20. Ntchito yogawa mankhwala a likodzo kwa anthu ambiri nthawi imodzi, yomwe Unduna wa Zaumoyo umayendetsa, imafikira kwambiri ana a msinkhu wa ku pulaimale. Msungwana akafika ku koleji amakhala kuti watha zaka zinayi kapena kuposerapo asadamwenso mankhwalawa, chonsecho patchuthi chilichonse amabwerera kukachapa pagombe lomwe lija.

Kuopsa kodzigulira mankhwala

M'zipatala zambiri za m'dziko muno, matenda opatsirana pogonana amachizidwa potengera zizindikiro zomwe wodwala wafotokoza, popanda kuyeza m'labotale. Njira imeneyi idathandiza kwambiri kuti anthu azilandira chithandizo tsiku lomwelo. Vuto lake n'lakuti zizindikiro za likodzo la m'ziwalo zoberekera n'zofanana ndi za chinzonono ndi matenda ena otere. Msungwana amapatsidwa maantibayotiki, amauzidwa kuti abwere ndi bwenzi lake, koma pakatha milungu ingapo vuto lija limayambiranso.

Apa ndi pamene ambiri amataya chikhulupiriro n'kuyamba kudzithandiza okha. Kaamba ka manyazi, wina amatuma mnzake kukagula makapisozi kwa mavenda a mumsika kapena pa okala. Wina amamwa mankhwala otsala a mnzake wa m'chipinda. Ena amati ndi mauka ndipo amapita kukafuna zitsamba zoika kumalo obisika, zomwe zimangowonjezera zilonda. Enanso omwe akulera ndi jakisoni kapena kachipangizo ka pamkono amangoti kudontha magaziko kukuchokera ku njira yolerayo, ndipo sapita kukayezetsa.

Zotsatira za mchitidwewu n'zingapo. Choyamba, likodzo limapitiriza kuononga ziwalo popeza maantibayotiki sapha tinyongolotsi. Chachiwiri, kumwa maantibayotiki mosayenera kumachititsa kuti tizilombo tina tizolowere mankhwala, moti tsiku lomwe munthu adzawafunedi sadzagwira ntchito. Chachitatu, ena mwa mankhwalawa ali ndi malamulo ake: doxycycline sayenera kumwedwa ndi mayi woyembekezera, ndipo metronidazole, yemwe ambiri amamudziwa kuti Flagyl, sayenera kuphatikizidwa ndi mowa. Wogulitsa pamsika safunsa mafunso amenewa.

Chachinayi n'chakuti palibe amene angatsimikize za ubwino wa mankhwala ogulitsidwa padzuwa. Lipoti la WHO la mu 2017 lidati mwa mankhwala khumi aliwonse m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, amodzi amakhala achinyengo kapena osafika pa muyezo. M'dziko muno, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala. Wophunzira ali ndi ufulu wofunsa kuti aone chiphasocho, ndipo ayenera kuona tsiku lomwe mankhwalawo adzathere mphamvu asanalipire.

Kamwedwe koyenera ka praziquantel

Mankhwala a likodzo ndi praziquantel. Kampani ya Merck ya ku Germany yakhala ikupereka mankhwalawa mwaulere kudzera ku WHO kuyambira mu 2007. Ndi mankhwala odalirika, koma amagwira bwino ntchito pokhapokha malangizo ake atsatidwa.

Mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Piritsi limodzi limakhala la mamiligalamu 600, kotero msungwana wolemera makilogalamu 45 amamwa mapiritsi atatu pamene wa makilogalamu 60 amamwa anayi. N'chifukwa chake nkoyenera kukwera sikelo kuchipatala m'malo mongoyerekeza. Kugawana mapiritsi ndi mnzako kumachititsa kuti nonse awiri mumwe mlingo woperewera.

Mankhwalawa amamwedwa munthu atadya. Chakudya chimathandiza kuti alowe bwino m'magazi komanso chimachepetsa nseru. Mapiritsi ake ngowawa ndipo sayenera kutafunidwa. Ena akamwa amamva chizungulire, mutu, kupotokola m'mimba kapena kugona, koma izi zimatha pakapita maola ochepa. Pa tsikulo munthu asayendetse galimoto kapena njinga yamoto, ndipo ndi bwino kupewa kumwa m'mawa wa tsiku la mayeso.

Nthawi yomwera njofunikanso. Praziquantel amapha tinyongolotsi tokhwima, osati tating'ono tomwe tangolowa kumene. Wophunzira amene wasambira Loweruka n'kumwa mapiritsi Lolemba amakhala kuti wangotaya mankhwala. Akatswiri amalangiza kudikira milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi. Koma amene wayamba kutentha thupi, kufooka miyendo, kumva dzanzi kapena kulephera kukodza asadikire. Athamangire kuchipatala ndipo anene kuti adali kunyanja.

Pali mankhwala ena omwe amachepetsa mphamvu ya praziquantel. Wamkulu mwa iwo ndi rifampicin, amene ali m'gulu la mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB. Enanso ndi mankhwala a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin. Mankhwala omwewa amachepetsanso mphamvu ya mapiritsi olera ndi kachipangizo ka pamkono, mfundo yomwe asungwana ambiri sauzidwa. Choncho aliyense amene akumwa mankhwala a TB, a khunyu kapena otalikitsa moyo auze dotolo, ndipo azinyamula kabuku kake ka kuchipatala nthawi zonse. Amene adakomokapo kapena kugwa khunyu asamwe praziquantel asanaonane ndi dotolo.

Malingana ndi malangizo a WHO a mu 2022, amayi oyamwitsa ndi oyembekezera omwe adutsa miyezi itatu yoyambirira angathe kulandira mankhwalawa pa nthawi yogawa kwa anthu ambiri. Amene akukayika kuti mwina ali ndi pathupi anene poyera kuti ayezedwe kaye.

Pomaliza, praziquantel si katemera. Munthu akachira n'kulowanso m'madzi momwe muli tizilombo, amatenganso matendawa.

Poyezetsa, mkodzo wabwino ndi wotengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene mazira amatuluka ambiri. Komabe mkodzo ungathe kupezeka wopanda mazira pamene zilonda zilipo pakhomo la chiberekero. Ndiye chifukwa chake funso lakuti kodi munthuyu adakhalapo kapena kusambapo kuti limakhala lofunika ngati kuyeza komweko.

Kutaya magazi pambuyo pogonana ndi chizindikironso cha khansa ya khomo la chiberekero, matenda omwe m'chaka cha 2020 adagwira amayi oposa 4,000 ndi kupha pafupifupi 3,000 m'dziko muno. Katemera wa HPV adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa asungwana a zaka 9, kotero ophunzira ambiri achikulire sadamulandire. Palibe amene ayenera kudziweruza yekha kuti vuto lake ndi likodzo. Wounika pakhomo la chiberekero ndiye angasiyanitse.

Njira zopewera

Kwa wophunzira amene wabwera kudzacheza, njira yotsimikizika ndiyo kusalowa m'madzi a m'mphepete mwa nyanja, makamaka pafupi ndi midzi pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Kudzipukuta mwamphamvu ndi thaulo mukangotuluka kumathandiza pang'ono koma si chitetezo chodalirika. Amene walowa m'madzi alembe tsikulo ndipo akaonane ndi achipatala nthawi yake ikakwana, ngakhale asakumva kudwala.

Kwa amene akukhala m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja pa nthawi yoyeserera ntchito, madzi a pa mjigo kapena a pampopi wothiridwa mankhwala ndiwo oyenera kusamba ndi kuchapira. Ngati palibe, madzi a m'nyanja atungidwe ndi kusungidwa m'ndowa yopanda nkhono kwa masiku awiri kapena atatu, popeza tizilomboti timafa tikapanda kupeza munthu. Kuwatenthetsa mpaka atawira kapena kuthiramo klorini kumathandizanso. Ophunzira zausodzi ndi ena ogwira ntchito m'madzi apatsidwe nsapato za jombo ndi magolovesi.

Kuuza mayi wa ku Chembe kuti asapite kunyanja n'kosathandiza ngati palibe kwina kotunga madzi. Nyanja ndiyo munda wake, bafa lake ndi msika wake. Kupewa kwenikweni kwagona pa mijigo, zimbudzi, malo ochapira a kumtunda, ndi kuteteza nsomba zodya nkhono poletsa makoka osaloledwa ndi maukonde a udzudzu omwe ena amaphera nsomba.

Udindo wa adindo

Akuluakulu a makoleji angathe kuyamba ndi zinthu zosafuna ndalama zambiri. Pa fomu yazaumoyo yomwe wophunzira watsopano amadzaza, payenera kukhala funso la komwe adakulira, ngati adasambapo m'nyanja kapena m'mitsinje, ndi chaka chomwe adamwa komaliza mankhwala a likodzo. Mlungu wolandira ophunzira atsopano, womwe kale umakamba za HIV ndi kulera, ungathe kupatula mphindi zochepa za likodzo. Ulendo uliwonse wa sukulu wopita kunyanja ukhale ndi mndandanda wa omwe apita kuti namwino wa pasukulupo awatsatire pakatha miyezi iwiri.

Maofesi a zaumoyo m'maboma a m'mphepete mwa nyanja angathe kuwerengera makoleji ndi sukulu za sekondale pokonza ndondomeko yogawa praziquantel, komanso kuonetsetsa kuti mankhwalawa akupezeka m'zipatala zing'onozing'ono chaka chonse, osati pa nthawi ya kampeni yokha. Ku Chembe anthu amadalira chipatala cha Billy Riordan Memorial chomwe chidatsegulidwa mu 2004, ndipo matenda akakula amapita ku Monkey Bay kapena ku Mangochi. Malo onsewa ndi oyenera kukhala ndi anamwino odziwa kuzindikira vutoli.

Zipangizo zophunzitsira zilipo kale. Mu 2015 bungwe la WHO lidatulutsa kabuku ka zithunzi kothandiza ogwira ntchito zachipatala kuzindikira zilonda za likodzo pakhomo la chiberekero. Anamwino omwe amayeza khansa amaona kale malo omwewo tsiku ndi tsiku, kotero kuwaphunzitsa kusiyanitsa sikufuna nyumba yatsopano kapena galimoto. Chimodzimodzinso m'zipinda zothandizira achinyamata, zomwe malamulo ake boma lidakhazikitsa mu 2007: msungwana amene wabwera kachiwiri kapena kachitatu ndi zizindikiro zomwezomwezo afunsidwe za madzi asanapatsidwenso maantibayotiki.

Sukulu zophunzitsa anamwino ndi madotolo nazo zili ndi gawo lake, pakuti wophunzira amene waona zilondazi ali pasukulu sadzaziiwala akadzakhala yekha pa chipatala cha kumudzi. Nthambi ya zausodzi, ya zokopa alendo ndi makhonsolo akukhudzidwanso. Ena amaopa kuti kulankhula za likodzo kungathawitse alendo ku Cape Maclear, koma nkhaniyi idalembedwa kale m'mabuku a alendo kuyambira zaka za m'ma 1990. Mlendo amene wauzidwa zoona ndi kulangizidwa nthawi yomwera mankhwala amabweranso, pamene wodwala mosadziwa amakaipitsa mbiri ya malowo kwawo.

Dziko la Malawi laonetsa kale kuti lingathe kugonjetsa matenda onyalanyazidwa. Bungwe la WHO lidatsimikiza mu 2020 kuti dziko lino lathana ndi matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo mu 2022 lidatsimikizanso chimodzimodzi pa matenda a maso a trachoma. Maiko adagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 likodzo lisakhalenso vuto lalikulu pa umoyo wa anthu, ndipo tsiku la 30 Januwale chaka chilichonse lidapatulidwa kukumbukira matenda a mtundu umenewu.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Boma ndi makolo amaononga ndalama zambiri kuti msungwana wa ku Chembe, ku Makanjira kapena ku Malindi afike ku koleji. Mapiritsi atatu kapena anayi omwedwa pa nthawi yake, ndi funso limodzi lochokera kwa namwino, zingathe kumuteteza ku kusabereka, ku manyazi a matenda omwe alibe, ndi ku chiopsezo chowonjezereka cha HIV.